Funsani Amakaniko: kusintha giya phazi lili pa moto

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi, ya magalimoto a turbo a giya yamanja ndi kasinthidwe ka giya kamene anyamata akukaona mmavidiyo ndi ku mipikisano. Mafunso ofanana ndawaphatikiza.

FUNSO: Amakaniko, ine ndili ku Joni kuno, ndimagwira ntchito yotsuka magalimoto. Loweruka lina anzanga ananditenga kupita ku Tarlton kukaonera mpikisano wa drag, nde kunali magalimoto ena akamasintha giya amaphulika ngati mfuti, moto kumatuluka ku ekizozi, ndipo simumva injini ikupuma ayi imangopitirira. Mnzanga wina akuti madalaivala ake sachotsa phazi pa moto posintha giya. Zoona zimenezi? Nanga injini siphulika bwanji? Wowerenga wanu, ku Germiston.

YANKHO: Mnzanuyo sakunama achimwene, zilipo ndithu, ku America amati no-lift shift ndipo ena amati flat-foot shifting. Koma pali mbali ina imene sanakuuzeni ndipo ndi yofunika kwambiri: ntchito yaikulu pamenepo sikugwiridwa ndi phazi la dalaivala, ikugwiridwa ndi kompyuta ya injini. Dalaivala amangoponda moto mpaka pansi nkusiya phazi pompo, zochepetsa mphamvu ya injini pa kanthawi kosintha giyako ndi za kompyuta.

Tiyambe ndi chimene anthuwa akuthawa. Turbo ndi timawilo tiwiri ta mapiko tolumikizidwa pa shafiti imodzi, kamodzi kali mnjira ya utsi wotuluka kena kali mnjira ya mpweya wolowa mu injini. Utsi ukamatuluka mwamphamvu umazunguza koyambako, kachiwiri nkumakankhira mpweya wochuluka mu injini, ndipo mpweya ukachuluka kompyuta imathiranso petulo wochuluka, mphamvu nkukwera. Timawilo timeneti timazungulira kupitirira ka 100,000 pa miniti imodzi turbo ikalusa. Nde taganizani zimene zimachitika posintha giya mwa masiku onse. Mwachotsa phazi pa moto, kachitseko kolowetsa mpweya mu injini katsekeka, utsi wachepa nthawi yomweyo, mpweya umene turbo inapanikiza kale wasowa kolowera ndiye valavu ina imautulutsa kunja kapena kuubweza kumbuyo, kaphokoso ka "tshii" kamene anyamata amakakonda kaja ndi mpweya umenewo ukutayika. Mukalowetsa giya nkupondanso moto, turbo yafooka, iyenera kuyambiranso kudzaza, ndipo pamadutsa kanthawi galimoto ili ndwii isanayambenso kukankha. Zili ngati mbaula imene mukukupiza, mukangosiya kukupiza makala amazilala ndipo mukayambiranso sayaka pompo. Turbo ikakhala yaikulu ngati zimene mwaona ku Tarlton zija, kanthawi kodikira kameneka kamatalikanso.

Tsono njira yake ndi iyi. Pamwamba pa chopondera klatchi, mukagona chagada nkuwalitsa tochi pansi pa chiwongolero, muona kaswitchi kakang'ono ka mawaya kamene kamauza kompyuta kuti klatchi yapondedwa. Kompyuta ikaona zinthu zitatu nthawi imodzi, moto uli pansi, galimoto ikuthamanga ma rev (kuzungulira kwa injini) ali pamwamba, klatchi yapondedwa, imadziwa kuti munthuyu akusintha giya osachotsa phazi. Pamenepo imadula moto wa mapulagi, kapena imadula petulo ku masilinda ena, kapena imachedwetsa nthawi yothethekera mapulagi, mwinanso kuphatikiza. Injini imasiya kukoka mwamphamvu, ma rev sathawira kofiira amaima pamene anawatchera, koma kachitseko ka mpweya kali chitsegukire ndipo mpweya ukudutsabe. Mukasiya klatchi kompyuta ibweza moto, ndipo giya yatsopanoyo ipeza turbo idakali yodzaza. Zonsezi zimatha musanamalize kuphethira kawiri.

Kuphulika mwakumvako nkochokera apa. Ngati kompyuta yadula moto wa mapulagi koma petulo akulowabe, petuloyo amatuluka wosapsa kupita ku ekizozi kumene kwatentha mwina madigiri 900, akafika kumeneko amayaka yekha, phuu, lawi kumbuyo. Kuphulika kumeneko kumakankhanso kawilo ka turbo, nchifukwa chake a mpikisano amakonda njira imeneyi. Makampani opanga magalimoto amakonda njira yofatsa chifukwa iwo ayenera kuteteza catalytic converter, kachipangizo koyeretsa utsi ka mu ekizozi, ndi waranti.

Si zachilendo ayi. Chevrolet inaika zimenezi kuchokera ku fakitale pa Cobalt SS ya turbo mu 2008, kagalimoto ka injini ya 2.0 ka mahosipawa 260 ndi magiya asanu, kenako Cadillac ATS-V ya ma turbo awiri inabweranso nazo, ndipo Ford itatulutsa Focus ST ya 2.3 mu 2019 inaikamo imene iwo amati flat-shift. Ku rally nkwina kumene, giyabokosi yake si ngati yathuyi, ilibe ma synchro, timaring'i tothandiza giya kulowa mofewa, dalaivala amangokoka ndodo kapena kachogwirira ndipo sensa imauza kompyuta idule moto, klatchi saiponda nkomwe galimoto ikakhala yanyamuka kale. Njinga zamoto zothamanga zilinso ndi zofanana nazo.

Ine kunena zoona ndimazikonda. Galimoto yotcheredwa bwino ikamasintha chonchi mumamva msana ukungokanikizidwa pa mpando kuyambira giya yoyamba mpaka yachinayi osapumira, ndipo kwa inu okhala ku Joni kumene kuli pamwamba mamita pafupifupi 1,750 mpweya ndi wopepuka, turbo imachedwerapo kudzaza kusiyana ndi ku Durban, nde kusaitaya nkwaphindu. Koma phindu lake ndi kachigawo ka sekondi pa kusintha kulikonse. Pa mamita 402 a drag kachigawo kameneko nkamene kamapatsa munthu chikho, pa ulendo wopita kuntchito palibe chimene kakupatseni.

FUNSO: Bwana makaniko, ndili ndi Subaru Impreza WRX ya magiya asanu, ndinaitanitsa ku Japan kudzera pa Dar. Ndinaona pa YouTube akusintha osachotsa phazi nde ndakhala ndikuyesera. Imathamanga bwino koma pano ikumakhwekhwereza polowa giya yachitatu, komanso pamamveka fungo ngati chinachake chikupsa. Galimoto sinasinthidwe chilichonse pa kompyuta. Ndipitirize mwina izolowera? Mnyamata wa ku Area 25, Lilongwe.

YANKHO: Siizolowera mphwanga, siyani lero lomwe. Zimene mukuchitazo si zimene ndafotokoza pamwambapa, inu mukungoumiriza giya injini ili pa mphamvu yonse popanda wochepetsa. Mukaponda klatchi moto uli pansi injini imakhala yamasuka ilibe katundu, ma rev amathamangira kofiira mpaka kukagunda pa malire, ndiye mukusiya klatchi injini ili pamwamba pamenepo pomwe giya yachitatu ikufuna ma rev otsika kwambiri. Tiyerekeze kuti mwasintha pa 6,500 ndipo giya yachitatu pa liwiro limenelo ikufuna 4,500, koma injini yanu yakwera kufika 7,000. Kusiyana konseko wakumeza ndi klatchi puleti, imatsetsereka pa flywheel, chimbale chachitsulo cha kumbuyo kwa injini, mpaka ziwirizi zitagwirizana, ndipo fungo mukulimvalo ndi puletiyo ikupsa. Tsiku lomwe mudzatsitse giyabokosi mudzaona flywheel ili ndi timawanga tabuluu ndi timing'alu ting'onoting'ono, umenewo ndi moto wa masiku ano.

Kukhwekhwerezako ndi synchro. Mkati mwa giyabokosi, pambali pa giya iliyonse pali karing'i, kawirikawiri kamkuwa, ka timano tosongoka kunja ndipo mkati mwake muli timizere tosalala tokhala ngati ulusi wa bawuti. Ntchito yake ndi kugwira giya ngati buleki kuti liwiro lake lifanane ndi la shafiti mano asanalumane. Kamafuna kanthawi kuti kamalize ntchito. Munthu amene akuopa kuti injini ikulira kofiira amathamangitsa dzanja, amakoka ndodo klatchi isanafike pansi, ndiye karing'i kaja mmalo mongochepetsa liwiro la klatchi puleti ndi shafiti kakulimbana ndi injini yonse. Timizere tija timafufutika, timano nkubunthuka, mapeto ake ndi khwee amene mukumvayo. Ndipo apa mumve bwino nonse amene muli ndi kompyuta yotcheredwa: ngakhale kompyuta ikudula moto, klatchi imapondedwabe mpaka pansi. Chimene sichichoka ndi phazi lamanja basi, lamanzere likugwira ntchito yake yonse.

Chinanso, giyabokosi ya magiya asanu ya WRX imadziwika kuti siipirira nkhanza, anthu ambiri athyola mano a magiya ndi kunyamuka mwaukali. Ya magiya sikisi imene inayamba kubwera pa STI cha mma 2000 ndiyo yolimba kwambiri. Komanso Subaru imakoka ndi matayala onse anayi, nde pamene galimoto yokoka ndi awiri ikanangoseweretsa matayala nkutaya mphamvu yowonjezerayo, yanuyo matayala amagwira nganganga ndipo chibakera chonse chimabwerera ku klatchi, magiya, ma shafiti ndi ma mounting a injini.

Chitani izi. Tsitsani oyilo wa giyabokosi mu beseni loyera mukauone padzuwa. Mukaona tonyezimira tachikasu ngati golide ndi synchro imene yadyeka, mukapeza tizidutswa tachitsulo pa maginito a bawuti yotsitsira oyilo nde nkhani yafika pa mano. Thirani oyilo wa mtundu umene buku la galimoto likunena, pa Subaru ya manyuwo ndi 75W-90 GL-5 chifukwa difu yakutsogolo imamwa oyilo yemweyo. Kenako yesani klatchi, muli pa giya yachisanu pa ma rev otsika pondani moto, singano ya ma rev ikakwera koma liwiro osakwera klatchi yatha. Ngati ikungokhwekhwereza mukafulumiza koma mukasintha mofatsa ikulowa bwino mutha kuyenda nayo nthawi ndithu, bola muzipuma pang'ono pa nyutulo musanakankhire ku yachitatu.

Mukafunadi zenizenizo zimatheka. Kampani ya COBB ya ku America ili ndi kachipangizo kotchedwa Accessport, EcuTek ya ku Britain nayo ili ndi mapulogalamu ake, ndipo palinso timabokosi tolumikiza ku mawaya a ma coil ndi a klatchi. Koma mufunse kaye ngati zikugwirizana ndi kompyuta ya galimoto ya ku Japan chifukwa zambiri zinapangidwira za ku America, komanso wotchera adziwe petulo amene mukuthira, poti WRX ya ku Japan inatcheredwa pa petulo wa octane wapamwamba wa kwawoko. Ndipo muyambe ndi klatchi yolimba ndi giyabokosi yamoyo, osati imene yayamba kale kulira. Ine ndikanakhala inu ndalama imeneyo ndikanagula matayala anayi abwino ofanana ndi mabuleki.

FUNSO: Hilux yanga ya dizilo ili ndi batani lolembedwa iMT. Ndi zomwezi? Ndingasinthe osachotsa phazi? Bambo wa ku Kasungu.

YANKHO: Ayi bambo, ndi zina. iMT imathandiza kuti ma rev agwirizane ndi giya imene mukulowa, makamaka potsitsa giya kompyuta imakwezako injini yokha kuti galimoto isadzuke, zimene Nissan inatchuka nazo pa 370Z mu 2009. Cholinga chake ndi kufewetsa ndi kusunga klatchi, phazi mumachotsa ngati kale. Dizilo mphamvu zake zili pansi, pofika 4,000 yatha kale mpweya, nde palibe chimene mungapindule poiumiriza. Mukanyamula matumba a chimanga kapena fodya batani limenelo lisiyeni loyaka, potsika phiri mudzalikonda.

FUNSO: Amakaniko, ine ndi amuna anga tili ku Cape Town ndipo tinagula Golf GTI ya DSG, tonse timayendetsa komanso tonse tikubweza ngongole yake. Iwo akufuna akaitcheretse kuti iziphulika kwambiri posintha giya komanso akachotsa phazi, akuti ndi zimene a mpikisano amachita ndipo siziwononga. Ine ndikukayika. Ndani akulondola? Mayi wa ku Cape Town.

YANKHO: Mayi, kukayika kwanu kuli ndi mutu. Galimoto yanuyo imasintha kale giya phazi lili pa moto, ndi mmene inapangidwira. DSG, imene Volkswagen inayamba kugulitsa mu 2003 pa Golf R32, ili ndi ma klatchi awiri, ina ya magiya 1, 3, 5 ina ya 2, 4, 6, ndipo giya yotsatira imakhala yalowa kale ikungodikira. Pa kanthawi kosinthanako kompyuta imachepetsa mphamvu ya injini, kaphokoso kaja kamene ku Joni anakapatsa dzina loti vrr pha nkotuluka pamenepo. Kameneko nka ku fakitale, kali ndi ntchito yake ndipo anakawerengera.

Zimene bambo akufunazo ndi kuwonjezera phokoso, makamaka lija la pa-pa-pa munthu atachotsa phazi. Wotchera amauza kompyuta kuti izithirabe petulo pamene inayenera kudula, nkuchedwetsa moto wa mapulagi kuti petuloyo akapsere ku ekizozi. Liwiro siliwonjezeka ngakhale pang'ono, poti phazi lachoka kale. Chimene chimawonjezeka ndi kutentha pa mavalavu a ekizozi, pa turbo ndi pa catalytic converter imene mkati mwake muli ngati chisa cha timabowo tambirimbiri, chimasungunuka kapena kuphwanyika nkutseka njira ya utsi. Otchera ambiri amadziwa zimenezi nchifukwa chake amayamba akuuzani kuti muichotse kaye, nde funsani bambo ngati anauzidwa zimenezo. A rally amachitadi zofanana nazo zimene amati anti-lag, koma iwo turbo ndi mapaipi a ekizozi amaziona ngati zinthu zosinthasintha ngati mapadi a mabuleki, ali ndi amakaniko ndi thiraki ya masipeya kumbuyo.

Palinso nkhani ya mapepala. Ngati galimoto idakali pa waranti kapena pa pulani ya sevisi, kusintha pulogalamu ya kompyuta kukhoza kuchititsa kuti ogulitsa galimotoyo akukanireni pamene injini kapena giyabokosi yavuta, ndipo makina awo amatha kuona kuti munthu analowamo. A inshuwalansi nawo amafuna kuuzidwa. Werengani mapepala anu limodzi musanapite kwa wotchera. Ngati bambo akufuna kumva galimoto yawo ikuthamanga mokwanira, bwalo la mipikisano la Killarney muli nalo pafupi pompo, amakhala ndi masiku olola anthu wamba kulowa ndi magalimoto awo, ndipo GTI mmene ililimo ikawasangalatsa.

FUNSO: Anzanga akuti palibe choopa posintha mwaukali chifukwa rev limiter imateteza injini, singapitirire malire. Zoona? Wophunzira za umakaniko, Soche, Blantyre.

YANKHO: Theka lake ndi zoona mwana wanga, theka linalo ndi limene lapha ma injini ambiri abwinobwino, ndipo poti mukuphunzira ntchitoyi limvetseni bwino. Limiter imateteza pamene injini ikudzikweza yokha, ikafika pa malire kompyuta idula petulo kapena moto basi yaima pompo. Koma pali nthawi imene injini sikudzikweza, ikuzunguzidwa ndi matayala, ndipo pamenepo kompyuta kaya idule chilichonse palibe chimene ingaletse.

Tengani pepala. Tiyerekeze giya yachiwiri ndi 2.0, yachitatu 1.4, yachinayi 1.0. Muli pa yachitatu pa ma rev 6,500 mukufuna yachinayi, ikalowa bwino injini itsikira cha pa 4,600. Koma dzanja lili pa changu, galimoto ikukhota pang'ono, mwakokera ndodo kumbali mwangozi nkulowa yachiwiri. Mukangosiya klatchi matayala akakamiza injini kuzungulira 6,500 kuchulukitsa ndi 2.0 kugawa ndi 1.4, imeneyo ndi pafupifupi 9,300. Masipuling'i a mavalavu sangathe kubweza mavalavu pa liwiro limenelo, pisitoni ikukwera ipeza valavu idakali panjira nkuimenya. Mukatsegula mupeza mavalavu opindika, timabala pamutu pa mapisitoni, nthawi zina con rod yatulukira pambali pa buloko. Komanso matayala okoka amatha kumangika mwadzidzidzi galimoto nkutembenuka.

Ndikuziika pano chifukwa kusintha phazi lili pa moto kumachulukitsa ngozi imeneyi. Phokoso lachuluka, mtima uli mmwamba, mukufuna mumalize msanga. Synchro imayesa kukuchenjezani, giya yolakwika imalimba kulowa pa liwiro limenelo, koma dzanja laukali limangoiumiriza. Nde lamulo lake ndi loti ndodo ikakana musaikakamize ndipo musasiye klatchi. Ndodo ya giya ili ndi masipuling'i amene amaibweza yokha pakati, pa mzere wa yachitatu ndi yachinayi. Kuchoka pa 2 kupita pa 3 ikankheni ndi chikhatho osaifumbata, kuchoka pa 3 kupita pa 4 ikokeni ndi zala molunjika kumbuyo, sipuling'i ikutsogolereni. Mukadzalandira galimoto ya kasitomala imene ndodo yake ikugwedera ngati dzino lofuna kuchoka, sinthani ma bush ake ndi kuona ma mounting a injini, chifukwa injini ikamapendekeka kwambiri pa mphamvu mipata ya magiya imasunthanso.

FUNSO: Nanga madalaivala a mathiraki aja amasintha osaponda klatchi, si zomwezi? Wowerenga, Mwanza.

YANKHO: Nzosiyana, tinganene kuti nzotembenuza. Iwo amachotsa phazi pa moto, kutulutsa giya, kudikira ma rev atsike kufika pamene akugwirizana ndi giya yotsatira nkuilowetsa mofewa. Zimayenda bwino pa magiyabokosi opanda synchro ngati a Eaton Fuller amene ali mmathiraki ambiri a ku America monga Freightliner. Pa galimoto yaing'ono ya ma synchro mukaphonya pang'ono ndi timaring'i tija timene tikulipira.

FUNSO: Galimoto yanga ndinaitcheretsa kale ku Joni, ili ndi launch control yothandiza kunyamuka mwaliwiro ndi no-lift zonse, ndabwera nayo kumudzi. Ndikufuna ndiiyese bwinobwino usiku pa msewu wa M1 kukakhala kulibe magalimoto. Malangizo? Achimwene anu, Dedza.

YANKHO: Pa M1 ayi achimwene, ndikukupemphani. Kuti zimenezi zigwire ntchito moto uyenera kukhala pansi ma rev ali pamwamba, kutanthauza kuti pomaliza giya yachiwiri galimoto ngati yanuyo ili pafupi ndi 100 pa ola, pomaliza yachitatu yapitirira patali. Pa 100 mukudya mamita 28 pa sekondi iliyonse, dzanja limodzi lili pa ndodo ya giya, ndipo giya ikalowa turbo ili yodzaza matayala akutsogolo amatha kusewera nkukokera chiwongolero kumbali, makamaka pa tara wa mchenga kapena wonyowa. Usiku pa M1 magalimoto amachepadi koma anthu sachoka, pali akabaza opanda nyali, oyenda pansi ochokera kumaliro ndi kumsika, ngolo, mbuzi, thiraki yofera pamsewu imene chizindikiro chake ndi nthambi za mitengo basi. Inu nomwe mukudziwa mmene pamakhalira kuyambira pa Dedza kutsika ku Lizulu, nyumba ndi misika zili mmphepete mwenimweni mwa tara.

Malo ake ndi otsekedwa, amene palibe wodutsa ndipo eni malo avomera, muli ndi chipewa kumutu, lamba, chozimitsira moto ndi anzanu oyang'anira mbali zonse. Mukabwerera ku Joni Tarlton ilipo. Kumeneko mulinso ndi makina okuuzani nthawi yanu, mudziwa ngati mwapinduladi kapena ndi phokoso chabe.

Tsiku limenelo likafika, injini ndi oyilo wa giyabokosi zitenthe kaye bwinobwino, synchro pa oyilo wozizira imachedwa. Muyambe ndi kuchoka pa 3 kupita pa 4 chifukwa ndi mzere wowongoka ndipo magiya ake ndi oyandikana, ya 1 kupita pa 2 ndiyo yankhanza kwambiri pa ma shafiti muisiye mpaka dzanja litazolowera. Muonenso kaswitchi ka pa klatchi kaja, magalimoto ambiri ali nato tiwiri, kena kamagwira klatchi ikafika pansi kuti galimoto ilize, kena kamagwira mukangoyamba kuponda, ndipo kompyuta ikamamvera kapansiko imadula moto mochedwa ma rev atathawa kale. Ulendo wa ku Joni kudzera pa Tete umagwedeza zinthu, kakhoza kukhala kamasuka. Chomaliza, mufunse amene anakutchererani kuti anatchera pa petulo wa 95 kapena wina, ndipo ngati anakuikirani pulogalamu yachiwiri yofatsa pa kompyuta muziyendera imeneyo nthawi yonse muli kuno kumudzi.